Gilbert Agius: katswiri wa Valletta amene kwawo ankamukumbukira zinthu zikavuta

Che Jafali

Akuluakulu, moni nonse. Lero ndabwera ndi dzina loti ambiri mwina simunalimvepo: Gilbert Agius wa ku Malta. Tikamakamba za osewera amene anadzakhala aphunzitsi timathamangira kwa Zidane ndi Guardiola, koma mbiri ya mkulu ameneyu yandikhudza kuposa ya onsewo.

Anabadwa mu 1974 mumzinda wa Valletta. Analowa m'timu yaikulu ya mzindawo ali kamnyamata cha m'ma 1990, ndipo anaisewerera zaka zoposa 20. Anatenga nayo ligi mu 1992, 1997, 1998, 1999, 2001, 2008, 2011 ndi 2012. Katatu konse anasankhidwa kukhala wosewera wapamwamba wa chaka m'dzikomo. Timu ya dziko anaisewerera masewero pafupifupi 120, ndipo anali kaputeni. Jezi yake ya nambala 7 a Valletta anaipumitsa.

Tsono chondiwawa ndi ichi. Atasiya kusewera, kwawoko ankamuitana pokhapokha zikathina. Mu 2019 anamupatsa Valletta mongogwirizira, anatenga nayo ligi, mpando n'kupatsa wina. Mu 2022 anamupatsa timu ya dziko mongogwirizira, mpando n'kupatsanso wina. Kalabu yoti aziitcha yakeyake anakaipeza ku Indonesia. Ine ndikuti munthuyu kwawo anamulakwira. Inu mukuti bwanji?

Tiya

Che Jafali, kaye kaye. Malta ili kuti? Ndipo ligi ya kumeneko ili ndi mphamvu yanji kuti tiwerengere munthu zikho 8?

WakuSliema

Achemwali a Tiya, ndikuyankheni ine poti ndikukhala kuno. Malta ndi tizilumba ta pa nyanja ya Mediterranean, kumwera kwa Sicily. Dziko lonse kukula kwake ndi masikweya kilomita 316 okha, anthu ake angopitirira pang'ono theka la miliyoni. Koma mpira anayamba kalekale, unabwera ndi asilikali a ku Britain. Bungwe lawo la mpira linakhazikitsidwa mu 1900, ligi inayamba mu 1909.

Chinthu chimene chimadabwitsa mlendo ndi choti matimu ambiri alibe bwalo lawolawo lochitira masewero a ligi. Amasewera pa mabwalo ochepa omwewo: Ta' Qali limene ndi bwalo la dziko, Centenary Stadium pambali pake, bwalo la Hibernians ku Paola, ndi la Victor Tedesco ku Ħamrun. Ndiye zoti lero tili pakhomo, mawa tili koyenda, kuno zilibe tanthauzo lenileni.

Za Valletta ndinene izi. Mzindawo ndi likulu la dziko, koma okhalamo ndi ochepa kwambiri, masauzande owerengeka. Ukatuluka pachipata cha mzinda, wafika kale ku Floriana, kwa adani awo aakulu. Pofika mu 2025 Floriana ndi Sliema Wanderers anali ndi zikho za ligi 26 aliyense, Valletta inali ndi 25. Valletta ikatenga ligi, masapota amachita mwambo wa maliro: amanyamula mabokosi opakidwa mitundu ya matimu amene awagonjetsa n'kumazungulira nawo m'misewu ya mzinda, ng'oma ndi malipenga zili pakamwa. Munthu wobadwira m'tinjira timeneto n'kukhala kaputeni wa timuyo zaka zambirimbiri, kumeneko ndi mfumu. Ndinayamba kumva dzina la Gilbert kwa anzanga a kuntchito ndisanaonereko ngakhale gemu imodzi.

Kondwa wa ku Joni

Ine Che Jafali sindikugwirizana nanu, ndipo ndinena mosabisa. Mukusakaniza zinthu ziwiri. Zikho 8 zija anatenga ndi miyendo. Mpando wa mphunzitsi sapereka ngati mphatso yothokozera miyendo.

Taonani za 2019 zimene mukuzitamazo. Timu ija anaimanga ndi Danilo Dončić wa ku Serbia. Iyeyo ndi amene anatenga ligi ya 2018, ndipo ndi amene anaiyendetsa pafupifupi sizoni yonse ya 2018/19 mpaka pamene anachoka mu April. Agius anali wachiwiri wake, anangomalizitsa masewero ochepa otsala. Ndipo sikuti anamaliza mwaukatswiri ayi. Tsiku lomaliza ankangofunika kupambana Ħamrun Spartans, anafanana mphamvu 1-1, Hibernians n'kuwapeza pa mapointi. Nthawi imeneyo ku Malta akafanana mapointi pamwamba sankawerengera zigoli, ankasewera gemu ina yapadera. Gemu imeneyo Valletta inapambana pa mapenate. Patangopita masiku ochepa, mu fainolo ya FA Trophy, chikho cha chipulula cha dzikolo, anafanana 4-4 ndi Balzan n'kugonja pa mapenate omwewo. Ndiye mukandiuza kuti chikho cha mapenate chija ndi umboni woti ndi mphunzitsi wamkulu, ine ndikuuzani kuti chikho chinacho anachitaya m'njira yomweyo. Mapenate sauza munthu chilichonse za mphunzitsi.

Che Jafali

A Kondwa, mwakamba ngati kuti kulandira timu mu April, mphunzitsi atachoka, mpikisano uli pakhosi, ndi ntchito yopepuka. Nthawi imeneyo ndi imene matimu amabalalika. Anyamata amayamba kulozana zala, akuluakulu a timu aliyense ali ndi maganizo ake, masapota akutukwana. Munthu amene angalowe m'chipinda chosinthira zovala n'kuwakhazika pansi anyamata mpaka kukafika pa mapenate mitima ili m'malo, wagwira ntchito. Makamaka atataya mapointi tsiku lomaliza lija. Matimu ambiri akagwa choncho sadzukanso sabata yotsatira. Valletta inadzuka. Ndipo pofika mu 2025 chikho cha ligi chomaliza chimene timuyo inali nacho chinali chomwecho cha 2019.

Nabanda

Ndikupemphani tisiyanitse kaye zoona ndi zokhumba zathu, achimwene.

Che Jafali, mawu anu oyamba akumveka ngati kuti Valletta inamukana Agius n'kukatenga mzungu wakunja. Amene anapatsidwa mpando mu 2019 ndi Darren Abdilla, nayenso ndi wa ku Malta komweko, amene anali atadziwika kale ndi ntchito yake ku Gżira United. Ndipo atangofika anatulutsa F91 Dudelange ya ku Luxembourg mu ndime yoyamba ya chipulula cha Champions League, asanagonje kwa Ferencváros ya ku Hungary. Ndiye pa nkhani ya Valletta sitinganene kuti ankanyoza mwana wa pakhomo. Anasankha munthu amene anali atayendetsapo kale timu payekha sizoni yathunthu.

Chachiwiri, musaiwale kuti bungwe la mpira linamupatsa timu ya dziko ya anyamata osapitirira zaka 21. Imeneyo inali ntchito yake ndithu, osati yogwirizira.

Pamene ndikugwirizana nanu ndi pa 2022. Mphunzitsi wa timu ya dziko Devis Mangia atachoka, Agius anatsogolera timu yaikulu pa masewero awiri opimana mphamvu mu November. Anafanana 2-2 ndi Greece, n'kugonja 1-0 kwa Ireland, chigoli cha Callum Robinson. Kwa Malta zotsatira zimenezo si zochititsa manyazi m'pang'ono pomwe. Mwezi wotsatira analengeza Michele Marcolini wa ku Italy. Apo ndiye funso lanu lili ndi mano.

Madala Gondwe

Ana anga, ndawerenga zonse. Ine ndaphunzitsa mpira wa ana a sukulu zaka zambiri, ndiye nkhani imeneyi imandifika pamtima.

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mawuwo ndi oona, koma a mabungwe a mpira m'mayiko ang'onoang'ono anawameza mopitirira. Tawerengani amene aphunzitsa timu ya dziko la Malta: Horst Heese wa ku Germany, Sigfried Held wa ku Germany, Dušan Fitzel wa ku Czech, Pietro Ghedin wa ku Italy kawiri konse, Mangia, Marcolini, kenako Emilio De Leo, onse atatu a ku Italy. Eni dziko amalowa pakatikati, kwa kanthawi. John Buttigieg, amene anasewerapo ku Brentford ku England ndipo anatenga FA Trophy ndi Birkirkara mu 2008, anapatsidwa mu 2009, pofika 2011 anali atachotsedwa. Wachiwiri wake anali Carmel Busuttil, munthu amene anali kaputeni ku Genk ku Belgium ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse wa dzikolo pa zaka 50, pamene bungwe la mpira la ku Ulaya la UEFA linkakondwerera kuti lakwanitsa zaka 50. Anthu oterowo nzeru za mpira ali nazo. Chimene sapatsidwa ndi nthawi. Wakunja akagonja kasanu amati akumanga timu. Wapakhomo akagonja kasanu amati ntchito yamukulira.

Kondwa wa ku Joni

Madala, ndi ulemu wonse, pamndandanda wanu mwasiyapo dzina limene ife tonse tikulidziwa: Tom Saintfiet!

Tiya

Yemwe uja wa Flames?

Kondwa wa ku Joni

Yemweyo. Anabwera kwathu mu 2013 kudzatitsogolera pa gemu yomaliza ya m'gulu yolimbirana malo ku World Cup, ija ya ku Calabar imene Nigeria inatichinya 2-0, atakanganirana ndi malemu Stephen Keshi m'manyuzipepala. Mu October 2017 Malta inamulemba ntchito. Sanathe ndi miyezi 7 yomwe, mu April 2018 anamuchotsa zitamveka kuti dzina lake lili pamndandanda wa ofuna ntchito ku Cameroon. Kenako anapita ku Gambia n'kuifikitsa mu makota fainolo a Africa Cup of Nations paulendo woyamba wa dzikolo ku mpikisanowo. Ndiye munthu yemweyo, ku Malawi sizinayende, ku Malta sizinayende, ku Gambia zinayenda. Zikusonyeza kuti nkhani si yoti wakunja kapena wapakhomo. Nkhani ndi osewera amene wawapeza.

Madala Gondwe

Mwachita bwino kumutchula mwana wanga, chifukwa amene analowa m'malo mwake ndiye akutsimikiza mfundo yanga. Ray Farrugia. Anasewera ku Floriana, anakakhala zaka zambiri ku Australia akusewerera Melita Eagles, timu ya anthu a ku Malta okhala ku Sydney. Atabwerera kwawo anaphunzitsa Naxxar Lions, Pietà Hotspurs, Sliema, ndi timu ya anyamata ya dziko kawiri. Saintfiet atachoka anamutenga iye. Mu March 2019 anagonjetsa Faroe Islands 2-1 pa Ta' Qali. Kupambana pakhomo mu mpikisano weniweni kunali kutasowa kuyambira 2006, pamene anagonjetsa Hungary 2-1 ndi zigoli ziwiri za André Schembri, nthawi imene Agius yemweyu anali akusewerabe m'timu ya dziko. Chaka cha 2019 chitatha, Farrugia kontrakiti sanamuwonjezere. Anakatenga Mangia.

Nabanda

Komatu madala, Mangia anagwira ntchito. Mu Nations League ya 2020 Malta inamaliza yachiwiri m'gulu lake, ndipo mu 2021 inachinya Cyprus 3-0 pa masewero a World Cup. Anasintha kaseweredwe, timu inayamba kugwira mpira m'malo mongotchinga kumbuyo anthu 10. Tisamakane zabwino chifukwa choti anabweretsa ndi mlendo.

Madala Gondwe

Sindikukana, mayi. Ndikungofunsa kuti ndalama, anthu othandizira ndi chipiriro zimene anapatsa Mangia, akanapatsa Farrugia kapena Agius, tikanaona chiyani. Yankho palibe amene ali nalo chifukwa sanayesepo.

WakuSliema

Ndiwonjezere kanthu kamene anthu a kuno amakamba, poti ena mukuyesa munthuyu ndi muyeso wa ku England.

Nthawi imene Agius ankayamba, osewera ambiri a ligi ya kuno ankagwira ntchito zina masana n'kumapita ku tirening'i madzulo. Kuti uchoke apa n'kukhala katswiri weniweni umayenera kutuluka m'dziko. Busuttil anatuluka, anakakhala zaka 6 ku Genk. Michael Mifsud anatuluka: Kaiserslautern, Lillestrøm, Coventry, ndipo nonse mukukumbukira zigoli ziwiri zimene anamwetsa Manchester United pa Old Trafford mu League Cup ya 2007. Iyeyo ndi amene ali ndi mbiri ya masewero 143 ndi zigoli 42 m'timu ya dziko. Agius anayesako ku Pisa, mu ligi yapansi ya ku Italy, cha m'ma 2001, koma sanakhalitse, anabwerera ku Valletta.

Kubwererako kunamupatsa chikondi chimene Mifsud sanachipeze pa timu ina iliyonse. Achikulire a kuno ukawafunsa za sizoni ya 2000/01, pamene Valletta inasesa zikho zonse 6 zimene zinalipo m'dziko muno, pansi pa mphunzitsi wa ku Bulgaria Krasimir Manolov, dzina loyamba kutuluka ndi la Gilbert. Koma chikondi chomwecho chili ndi mtengo wake. Aliyense mumzindamo anamuona akukula. Akuluakulu a timu ena anamuona ali mwana. Munthu wotero kumuona ngati bwana woti akuuze kuti wosewera uyu achoke, ndalama izi zipite uku, n'kovuta. Ndiponso matimu ena akuluakulu, makamaka Floriana, masapota awo sangamulandire mosavuta, poti nkhope yake ndi Valletta yeniyeni. M'dziko laling'ono chonchi, ukakhala wa timu imodzi moyo wako wonse, zitseko zina zimatsekeka zokha.

Che Jafali

Achimwene a ku Sliema, mwandithandiza kunena chimene chinkandikanika. N'chifukwa chake ulendo wa ku Indonesia ndimauwona kuti unali wolimba mtima. Taganizani: munthu wa zaka pafupifupi 49, pafupifupi moyo wake wonse ali pa kachilumba kamodzi, mu February 2023 akunyamuka kupita ku Semarang, pakati pa chilumba cha Java, mzinda umodzi wokha wa anthu oposa miliyoni imodzi ndi theka, kuchulukitsa katatu dziko lake lonse. Kumeneko nambala 7 ija palibe akuidziwa. Chilankhulo china, kutentha kwa chinyezi, maulendo a pandege kupita ku Borneo, Bali ndi Sulawesi pomwe kwawo bwalo lililonse umafika pa mphindi zochepa. Ndiponso anafika mpira wa m'dzikomo uli pachisoni, patangopita miyezi inayi chichitikireni ngozi ya pa bwalo la Kanjuruhan ku Malang mu October 2022, pamene anthu 135 anamwalira. Sizoni yotsatira masapota ankaletsedwa kutsatira matimu awo koyenda.

M'menemo anatenga PSIS Semarang n'kumaliza nayo pa nambala 6 mwa matimu 18 mu sizoni ya 2023/24. Anayi apamwamba ndi amene ankapita ku ndime yolimbirana ukatswiri, ndipo PSIS inakhala ikununkhiza malo amenewo mpaka chakumapeto. Masewero 34, a Kondwa. Apa palibe mapenate, palibe timu ya Dončić. Ntchito ya manja ake.

Kondwa wa ku Joni

Imeneyo ndaivomera, inali sizoni yabwino. Gali Freitas wa ku Timor-Leste ankawuluka kumapiko, Taisei Marukawa wa ku Japan pakati, Alfeandra Dewangga kumbuyo. Koma mwaimira panjira, Che Jafali. Malizitsani nkhani. Sizoni ya 2024/25 timu yomweyo inagwa, Agius anasiyana nayo masewero asanathe, ndipo PSIS inatuluka mu ligi ili pansi penipeni. Ngati nambala 6 ija ndi ntchito ya manja ake, kutuluka mu ligi ndi ntchito ya manja a ndani?

Che Jafali

Ya amene anasiya kulipira osewera pa nthawi yake. Nkhani za malipiro ochedwa ku PSIS sizoni imeneyo zinali ponseponse, mpaka osewera ena akunja anachoka mpikisano uli mkati. Osewera ofunika a sizoni yapita ena anali atapita kale. Kuwonjezera apo bwalo lawo la Jatidiri linali pa ntchito yokonzedwa, masewero ena a pakhomo ankakachitira kutali ndi Semarang, monga ku Magelang. Masapota aja a Panser Biru ndi Snex, amene amadzaza bwalo ndi buluu, ndiwo mphamvu ya timuyo. Muchotsereni mphunzitsi malipiro a anyamata, osewera ake abwino ndi bwalo lake, kenako mumufunse chifukwa chimene wagonjera?

Kondwa wa ku Joni

Zifukwa zimenezo ndi zoona, sindikutsutsa. Koma aphunzitsi ena amapulumutsa matimu m'mavuto oterowo. Amasintha kaseweredwe, amatseka kumbuyo, amatola pointi imodzi imodzi mpaka kupulumuka. Zigoli zinauma ku PSIS ndipo njira ina sinaoneke. Ine sindikuti ndi mphunzitsi woipa. Ndikuti ndi mphunzitsi wapakatikati amene anali wosewera wamkulu, ndipo a Valletta sanachimwe posamupatsa mpando.

Tiya

Funso langa ndi ili, poti ine za maphunziro a aphunzitsi sindizidziwa bwino. Munthu amene wasewera masewero 120 a dziko lake amafunikanso kupita kukalasi?

Madala Gondwe

Amafunika, mwana wanga, ndipo n'koyenera. Ku Ulaya makwerero ake ndi UEFA C, B, A, kenako Pro pamwamba. Timu yofuna kusewera mipikisano ya UEFA imayenera kukhala ndi mphunzitsi wa mapepala oyenera, apo ayi chiphaso saipatsa. Kusewera kumakuphunzitsa malo ako amodzi m'bwalo. Kuphunzitsa kumafuna udziwe malo onse 11, udziwe kukonza tirening'i ya sabata yonse kuti anyamata asatope Loweruka, udziwe kulankhula ndi mnyamata amene wamusiya pa benchi kachitatu. Wosewera waluso kwambiri nthawi zina amavutika kuphunzitsa chifukwa zimene iye ankachita mosaganiza, sadziwa kuzifotokoza kwa amene alibe luso lotero.

Pa mbali imeneyi Agius ndimamupatsa ulemu. Sanadumphe. Anakhala wachiwiri zaka zingapo ku Valletta pansi pa aphunzitsi osiyanasiyana, akunyamula makoni, akuonera ena akulakwitsa ndi kukonza. Kenako anyamata a dziko. Alipo akatswiri ambiri amene amavula jezi lero, mawa akufuna mpando waukulu. Iye anayenda njira yonse. N'chifukwa chake ndikuti pofika 2019, kapena 2022, sankapempha mphatso. Anali atalipira kale.

Nabanda

Pali munthu wina wa ku Malta komweko amene tikumuiwala, ndipo akutithandiza kuyeza nkhaniyi bwino: Paul Zammit. Ngati wosewera sanafike pa msinkhu wa Agius kapena Busuttil. Koma ngati mphunzitsi anatenga ligi ndi Birkirkara mu 2010 ndi 2013, n'kudzatenganso ndi Valletta mu 2016. Ndiye mwayi kwa aphunzitsi a pakhomo ulipo ndithu m'makalabu. Jesmond Zerafa nayenso, mwana wa Valletta ngati Agius, anapatsidwa timuyo n'kutenga ligi mu 2011 osagonja gemu ndi imodzi yomwe, n'kubwerezanso mu 2012, Agius ali wosewera wake.

Kwa ine tsono funso likusintha. Ngati Zerafa anapatsidwa ndipo zinayenda, n'chifukwa chiyani Agius sanapatsidwe sizoni imodzi yokha yathunthu? Pamenepa ndikuyandikira kwa Che Jafali. Chitsanzo chinalipo kale pakhomo pomwepo.

WakuSliema

Achemwali a Nabanda, funso limenelo linamveka kwambiri kuno mu 2024. Chaka chimenecho Valletta inatuluka mu ligi yaikulu koyamba m'mbiri yake. Ndinaona amuna akuluakulu a imvi akulira. Pakati pa 2019 ndi 2024 timuyo inasintha aphunzitsi kangapo, akunja ndi apakhomo omwe, uku ndalama zikuchepa, uku Ħamrun Spartans ikukwera ndi chuma cha Joseph Portelli. Ħamrun inatenga ligi mu 2021, 2023, 2024 ndi 2025, ndipo mu 2025 inakhala timu yoyamba ya ku Malta kulowa mu ndime ya ligi ya mpikisano wa UEFA, Conference League. Pamene Valletta inkatsika, Gilbert anali pa nambala 6 ku Indonesia. Miyezi yomweyo. Anzanga ena a kuntchito ankati akanakhalapo sizikanachitika. Ena ankati bola anali kutali, chifukwa akanakhala iye pa mpando tsiku lotsikalo, zaka 20 za ulemu zikanafufutika madzulo amodzi. Valletta inabwerera mu ligi yaikulu patatha sizoni imodzi.

Kondwa wa ku Joni

Gulu lachiwirilo ndi limene likunena zoona. Kumupatsa mpando munthu wokondedwa choncho ndi kumuika pamoto. Tsiku lomuchotsa limafika kwa mphunzitsi aliyense, ndipo kuchotsa munthu amene jezi yake munaipumitsa kumang'amba timu pakati. Mwina akuluakulu a Valletta anaona zimenezo.

Che Jafali

Ayi a Kondwa, apo ndiye ndikukana kwamtuwagalu. Kumuteteza munthu pomumana ntchito imene waikonzekera zaka zonsezo si chikondi. Mu April 2019, pamene ligi inali pafupi kuwapulumuka, sanaope kumuika pamoto. Mu November 2022, pamene timu ya dziko inalibe woitsogolera, sanaope. Mantha amabwera pokhapokha ikafika nthawi yosaina kontrakiti ya zaka ziwiri ndi kumupatsa mphamvu yosankha osewera ake. Munthu wamkulu amasankha yekha ngati akufuna kuika dzina lake pachiswe. Ndipo Agius anasonyeza kuti saopa, poti anakaliika pachiswe ku Semarang kumene kunalibe womuchitira chifundo.

Nabanda

Ine ndiima apa: pa 2019 a Valletta anali ndi chifukwa chomveka chosankhira Abdilla, ngakhale ine ndikanasankha mosiyana. Pa 2022 bungwe la dziko linali ndi munthu amene ankawadziwa anyamata achisodzera onse chifukwa anawaphunzitsa yekha, amene anangofanana mphamvu ndi Greece, ndipo linamudutsa n'kukatenga mphunzitsi amene ntchito yake yambiri inali m'maligi apansi a ku Italy. Marcolini sanathe zaka ziwiri, anachotsedwa mu 2024. Pamenepo ndiye ndikuti anamulakwira.

Kondwa wa ku Joni

Pa za timu ya dziko ndingakupatseniko theka, achemwali. Masewero awiri opimana mphamvu ndi ochepa kuyezera munthu, koma n'zoona kuti amene anamutengayo sanabwere ndi mbiri yoposa. Pa za Valletta ndi PSIS sindikusuntha. Akadzapeza timu ina n'kuiyendetsa sizoni ziwiri zotsatizana ili pamwamba, mudzandiitane pano Che Jafali, tidzawerengerane mapointi.

Che Jafali

Ndidzakuitanani ndithu. Koma pobwera mudzabwere ndi dzina la mphunzitsi mmodzi amene anasunga timu mu ligi anyamata ake akudikira malipiro a miyezi ingapo, osewera akunja akulongedza zikwama, masewero a pakhomo akuchitikira mzinda wina. Mwati alipo ambiri, ine ndikungofuna mmodzi.